Mipingo ndi Magulu a Zaluso: Ndani Ayenera Kukhululukidwa Msonkho?

Palibe munthu m'dziko la Zambia amene msonkho sumpeza. Mai amene agula sopo ndi citenje pa sitolo, bambo amene agula malata ndi simenti atagulitsa cimanga cace, mphunzitsi amene malipiro ace amafika atadulidwa kale, onsewa amathira kanthu m'nkhokwe ya Boma, kaya adziwa kaya sadziwa. Pa katundu wambiri wa m'masitolo pali msonkho wochedwa VAT, umene unayamba m'caka ca 1995, ndipo lero pa K100 iriyonse ya mtengo wa katundu amaonjezapo K16. Motero mlimi wa ku Chadiza kapena wa ku Lundazi, ngakhale sanapondepo mu ofesi ya msonkho, ndi wokhoma msonkho monga wina aliyense.

Koma alipo mabungwe amene lamulo limalola kuti akhululukidwe misonkho ina. Pakati pa iwo pali mipingo, ndiponso magulu a zaluso monga a nyimbo, a magule, a masewero ndi a zosemasema. Nkhaniyi imautsa mtsutso m'maiko ambiri. Ena amati mpingo ndi wa Mulungu, cotero Boma lisaukhudze. Ena amati mbusa woyenda pa galimoto lamtengo wapatali alipire monga alipira wogulitsa tomato. Enanso amabvomera za mpingo, koma akamva kuti obvina ndi ocita masewero nawonso akhululukidwe amapukusa mutu, nati zimenezo n'zamasewera cabe. Popeza wolipira mtengo wa cikhululukiroci ndiye munthu wamba, nkhaniyi ndi yoyenera kukambidwa pa khomo liri lonse.

NKHOKWE NDI IMODZI

Tanthauzo la kukhululukira msonkho limamveka bwino poyerekeza ndi za pamudzi. Mabanja 10 afuna K1,000 yokonzera citsime, ndipo agwirizana kuti banja liri lonse lisonkhe K100. Akati mabanja 2 asasonkhe, citsime sicitsika mtengo cifukwa ca cifundo cimeneco. Mabanja 8 otsalawo adzasonkha K125 liri lonse, kapena citsime cidzakhala cosakonzedwa. Anthu a pamudzi amabvomera kukhululukira nkhalamba yopanda womthandiza, kapena mai amene amatumikira mudzi wonse usiku ndi usana, pakuti cifukwa cace cioneka kwa onse. Koma akamva kuti wina wakhululukidwa cifukwa ndi mlamu wa msungicuma, msonkhano umatha ndi phokoso.

M'malamulo a dziko lino cikhululukiroci cimabwera m'njira zingapo. Bungwe limene labvomerezedwa kuti ndi lothandiza anthu, limene Lamulo la Msonkho limacha Public Benefit Organisation, silikhoma msonkho pa zopereka ndi mphatso zimene lilandira. Munthu kapena kampani imene yapereka mphatso ku bungwe lotere imaloledwa kucotsa mphatsoyo pa phindu lace msonkho usanawerengedwe, kufikira K15 pa K100 iriyonse ya phindulo. Pali njira yocepetsera msonkho wa pamalire pa katundu wina wobwera kucokera kunja, ndipo nyumba zopemphereramo sizilipira msonkho wa malo ku khonsolo.

Nayi masamu ace. Kampani yapeza phindu la K100,000, ndipo msonkho wa makampani wamba, kuyambira m'caka ca 2022, ndi K30 pa K100. Ikapanda kupereka mphatso idzakhoma K30,000. Ikapereka K10,000 ku bungwe lobvomerezedwa, msonkho udzawerengedwa pa K90,000, ndipo udzakhala K27,000. Kampaniyo idzatamandidwa kuti yapereka K10,000, koma K3,000 mwa ndalamazo yacokera m'nkhokwe ya anthu onse. Imeneyo ndi ndalama imene ikadagula mankhwala pa kiliniki kapena madesiki pa sukulu.

Cinthu cina cimene ambiri sadziwa n'cakuti kulembetsa mpingo kwa Registrar of Societies, kapena kulembetsa gulu la masewero ku National Arts Council, sikupatsa cikhululukiro ca msonkho pa iko kokha. Bungwe liyenera kupempha padera, kudzera ku Zambia Revenue Authority, ndi kuonetsa kuti nchito yace ndi yothandiza anthu ndipo cuma cace sicigawidwa kwa eni ace.

KUMENE LAMULOLI LINACOKERA

Mwambo wosakhometsa msonkho nyumba zacipembedzo ndi wakale kwambiri. Owerenga Baibulo adziwa kuti m'buku la Genesis, mutu 47, pamene Yosefe anaika lamulo lakuti gawo limodzi mwa magawo 5 a zokolola lipite kwa Farao, minda ya ansembe yokha ndiyo inasiyidwa. M'buku la Ezara, mutu 7, mfumu ya ku Perisiya inaletsa akapitao ace kukhometsa msonkho otumikira m'kacisi. Koma malamulo amene Zambia atsata pa nkhaniyi mizu yace iri ku England, cifukwa dziko lino linatengera malamulo ambiri amene anali kugwira nchito kumeneko pa 17 August 1911, tsiku limene Northern Rhodesia inakhazikitsidwa.

M'caka ca 1601, m'masiku a Mfumukazi Elizabeth Woyamba, Nyumba ya Malamulo ya ku England inalemba mndandanda wa nchito zoyesedwa zacifundo: kuthandiza okalamba ndi osauka, kusamala asilikali odwala ndi opunduka, masukulu, kulera ana amasiye, ndi kukonza milatho, misewu ndi nyumba za mapemphero. Mndandandawo unali wa nchito zooneka ndi maso, zimene zikapanda kucitidwa ndi anthu acifundo zikadagwera pa mapewa a boma.

M'caka ca 1891 bwalo lalikulu la House of Lords linaweruza mlandu wa John Pemsel, msungicuma wa mpingo wa Moravian. Mai wina wolemera anasiyira mpingowo malo akuti ndalama zocokerapo zithandize amishonale m'maiko akutali. A msonkho anakana kuzikhululukira, ponena kuti cifundo ndi kuthandiza osauka basi, ndipo kulalikira sikudyetsa munthu. Mpingo unapambana. Woweruza Lord Macnaghten anagawa nchito zacifundo m'magulu 4: kuthetsa umphawi, kupititsa patsogolo maphunziro, kupititsa patsogolo cipembedzo, ndi nchito zina zopindulitsa anthu onse. Magulu amenewa anafalikira m'maiko onse amene analamulidwa ndi Britain. Cofunika kucisunga m'mutu n'cakuti kuseri kwa magulu onse 4 kuli mfundo imodzi, yakuti anthu wamba apindule.

MLANDU WA MIPINGO

Munthu wa m'Cigawo ca Kum'mawa safunika kuuzidwa zimene mipingo yacita. Amishonale a Dutch Reformed anafika pa Magwero, pafupi ndi Chipata, m'caka ca 1899, ndipo m'caka ca 1905 panayamba pamenepo maphunziro a ana akhungu, oyamba m'dziko lino. Cipatala ca Mwami, ca mpingo wa Seventh-day Adventist, cinayamba m'caka ca 1927, nicichuka ndi nchito yosamala odwala khate ndi odwala maso. Cipatala ca St Francis ku Katete cinayamba m'caka ca 1948 ndi mpingo wa Anglican, ndipo pambuyo pace Akatolika anagwirizana nawo pociyendetsa. Kuli Nyanje, kuli Minga, kuli Kamoto. M'caka ca 1970 mipingo inapanga bungwe limodzi loyang'anira nchito zao zaumoyo, limene lero lichedwa Churches Health Association of Zambia. Mai amene anaberekera pa Nyanje kapena mwana amene anacitidwa opareshoni pa St Francis sanafunsidwe pa khomo kuti amapemphera kuti.

Kukhometsa msonkho cipatala cotere pa makina opimira odwala amene calandira kwa abwenzi akunja kuli ngati kucotsa ufa m'lichero la kumanja ndi kuuthira m'lichero la kumanzere, wina n'kutayika pansi. Boma lomwelo limalipira anamwino ndi madokotala ambiri a m'zipatala za mishoni, ndipo limathandiza masukulu a mishoni, cifukwa lidziwa kuti nchitoyo ikaleka, katundu yense adzagwera ilo.

Nanga mpingo umene ulibe cipatala kapena sukulu, umene uli ndi kanyumba kaudzu ndi mbusa woyenda pa njinga? Nawonso uli ndi mlandu womveka. Pa maliro, amai a cigwirizano ndiwo amatunga madzi, kuphika ndi kugona pa siwa. Odwala amayenderedwa, mabanja okangana amayanjanitsidwa, ana amasiye amagulidwa yunifomu. Ndiponso copereka ca pa Sabata ndi ndalama imene mwini wace waikhomera kale msonkho m'njira zina. Kutenganso gawo la mbale ya zopereka ndiko kumeta munthu mmodzi kawiri.

Pali cifukwa cinanso, cokhudza ufulu. Amene ali ndi mphamvu yokhometsa msonkho ali ndi mphamvu yotseka khomo. Mipingo ya dziko lino yakhala ikulankhula pa nkhani zazikulu: m'caka ca 2001 mabungwe 3 akuluakulu a mipingo anagwirizana ndi bungwe la maloya ndi la amai m'gulu la Oasis Forum, limene linakana kuti malamulo asinthidwe pofuna kulola Mtsogoleri wa dziko kuimanso kacitatu. Mpingo umene cikhululukiro cace cidalira kukondweretsa olamulira sungalankhule motero. Cifukwa cace cikhululukiroci ciyenera kukhazikika pa malamulo olembedwa, ofanana kwa onse. Ngakhale Zambia analengezedwa kukhala dziko Lacikristu ndi a Frederick Chiluba pa 29 December 1991, ndipo mauwo analowa m'malamulo oyendetsera dziko m'caka ca 1996, malamulo omwewo amateteza ufulu wa cipembedzo ca munthu aliyense. Muyeso wa chalichi ndi womwewo wa mzikiti wa mu Chipata.

DZINA LOKHA SILIKWANIRA

Zonsezi sizitanthauza kuti ciri conse cochedwa mpingo cipite osafunsidwa. Oweruza a ku England omwe aja anaikapo malire. M'caka ca 1949 anaweruza mlandu wa Gilmour ndi Coats, wokhudza mphatso ya mapaundi 500 yoperekedwa kwa masisitere a gulu la Carmelite a mu London, amene moyo wao wonse unali wa kupemphera m'kati mwa mpanda, osaturuka kukatumikira anthu. Palibe amene anakaika za kudzipereka kwao. Koma bwalo linati phindu la mapemphero a m'tseri silingayesedwe ndi umboni wa m'khoti, ndipo popeza anthu akunja sanali kufikapo, mphatsoyo siinali yacifundo monga mwa lamulo. M'caka ca 2006 Nyumba ya Malamulo ya kumeneko inalimbitsa mfundoyi, niinena kuti bungwe liri lonse, la cipembedzo kapena la maphunziro, lionetse phindu lace kwa anthu m'malo mongoyesedwa kuti liri nalo.

Ngati masisitere osauka anafunsidwa motero, kuli bwanji awo amene asandutsa guwa kukhala sitolo? Ku South Africa bungwe la boma loteteza ufulu wa miyambo ndi zipembedzo linafufuza za malonda a m'mipingo, ndipo m'caka ca 2017 linaturutsa lipoti loonetsa kuti atsogoleri ena anali kugulitsa madzi, mafuta ndi mapemphero kwa anthu obvutika, ndipo ambiri analibe mabuku a ndalama oyenera. Zotere sizacilendo kwa anthu a kuno. Alipo alaliki amene mpingo, nyumba, galimoto ndi buku la ku banki zonse ziri m'dzina la munthu mmodzi. Nkhosa zikaonda mbusa nanenepa, cikhululukiro ca msonkho casanduka mphatso imene osauka apereka kwa wolemera.

Nsomba ikaola imodzi zonse zaola. M'caka ca 2013 Boma linasintha malamulo a msonkho wa pamalire okhudza mabungwe othandiza anthu, mwa cikalata ca lamulo nambala 103, ponena kuti ena anali kugwiritsa nchito mwai umenewu molakwika. Mabungwe akuluakulu a mipingo anadandaula poyera kuti kusinthako kudzapweteka zipatala ndi masukulu. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka: woponya ndodo amaopa kuswa mbiya. Njira yanzeru ndiyo kupeza mocotsera khoswe mkhate uli wamphumphu, ndipo njira imeneyo ndi mabuku a ndalama otseguka.

MLANDU WA ZALUSO

Anthu ambiri amene amabvomera za mipingo amadodoma akafika pa magulu a zaluso. Amati ng'oma siciritsa malungo, ndipo sewero silidzaza nkhokwe. Mau amenewa ndi ofanana ndithu ndi amene a msonkho ananena pa mlandu wa Pemsel, pamene anati kulalikira sikudyetsa munthu. Amene akana zaluso ndi cifukwa cimeneci atsegula khomo limene mpingo womwe ungaturutsidwirepo.

M'caka ca 1943 bwalo la apilo la ku England linaweruza mlandu wa Royal Choral Society, kwaya yaikuru ya mu London. A msonkho anati kwayayo ingosangalatsa oimba ndi omvera. Oweruza anakana, nati maphunziro sathera m'kalasi, ndipo kukulitsa luso la anthu ndi kuzindikira kwao zinthu zokongola ndi maphunziro eni eni. Kuyambira m'caka ca 2006 lamulo la kumeneko limachula zaluso, cikhalidwe ndi mbiri ya makolo ndi maina ace pakati pa nchito zacifundo.

Mfundo imeneyi munthu wa kumudzi anaidziwa kale oweruzawo asanabadwe. Mwambo wa cinamwali uli ndi nyimbo ndi magule amene ndiwo mabuku ace. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza m'caka ca 2005 monga cuma ca anthu a dziko lonse lapansi, amadzudzula ulesi, kuledzera ndi dama pa bwalo, pamaso pa mudzi wonse, ndipo amaperekeza akufa. Mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, umasonkhanitsa Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique pamaso pa Kalonga Gawa Undi mwezi wa August. Nc'wala ya Angoni ku Mtenguleni, imene inatsitsimutsidwa m'caka ca 1980 itakhala yoletsedwa kuyambira m'masiku a atsamunda, imaphunzitsa anyamata mbiri imene siipezeka yonse m'mabuku a sukulu. Kale amishonale ndi a Nyau anali pa mkangano waukuru, ndipo obvina anali kucotsedwa mu mpingo. Lero pamaso pa lamulo la msonkho onse awiri aimirira pa mzere umodzi, ndipo funso limene afunsidwa ndi limodzi.

Masewero a makono nawonso ali ndi mbiri yotumikira. Gulu la Chikwakwa Theatre, limene linayamba pa University of Zambia ca m'ma 1969 ndi 1970, linaturutsa masewero m'nyumba zolipiritsa za m'tauni ndi kuwapereka pa mabwalo a m'zigawo, m'zinenero za anthu. M'zaka zimene matenda a AIDS anali kusesa midzi, magulu a masewero ndiwo ananena poyera zimene makolo anali kucita nazo manyazi, ndipo azaumoyo mpaka lero amaitana magulu otere pofuna kufalitsa uthenga wa katemera ndi wa kolera. M'caka ca 1994 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa National Arts Council kuti iyang'anire ndi kukweza nchito zimenezi.

Koma kunonso dzina lokha silikwanira. Woimba amene adzaza holo ndi anthu olipira pa khomo, nagawana ndalamazo ndi anzace, ndi wamalonda, ndipo palibe coipa m'menemo. Akhome msonkho monga kalipentala ndi telala. Ndiponso si ciri conse cochedwa luso cimene cipindulitsa anthu. M'caka ca 1964 bwalo la ku England linaweruza za cuma ca Arthur Pinion, amene anasiya mau akuti zithunzi zojambula iye mwini, mipando ndi ziwiya zace zisungidwe monga nyumba yoonetsera zakale. Akatswiri ataziona anacitira umboni kuti zinali zopanda pace, ndipo bwalo linakana kuti anthu asenzetsedwe mulu wa zinyalala m'dzina la maphunziro. Komabe mlandu umenewu uli ndi cenjezo lace. Kalaliki wa mu ofesi ku Lusaka asapatsidwe mphamvu yoweruza kuti cimtali ndi cotsika ndipo piyano ndi yapamwamba. Za kukoma kwa nyimbo aweruze ndi omvera. A msonkho afunse za khomo ndi za thumba.

MAFUNSO OYESERA ONSE

Pa zonse zanenedwazi paturuka mafunso 4 amene angayese mpingo ndi gulu la zaluso mofanana.

Loyamba: kodi khomo ndi lotseguka? Cipatala colandira aliyense, mapemphero amene mlendo angalowemo, gule wa pa bwalo, sewero locitidwa pa sukulu ya kumudzi, zonsezi zipambana. Kalabu ya anthu ocepa olemera, imene khomo lace litsegulidwa ndi ndalama zambiri, siipambana, ngakhale ikhale ndi mtanda kapena ng'oma pa cikwangwani.

Laciwiri: kodi zotsala zimapita kuti? Mbusa, mphunzitsi wa kwaya ndi woyendetsa gulu ayenera malipiro oyenerana ndi nchito yao, ndipo malipiro amenewo akapitirira malire oikidwa ndi lamulo akhomedwe msonkho monga a wanchito aliyense. M'caka ca 2024 malirewo anali K5,100 pa mwezi. Koma zotsala zibwerere ku nchito ya bungwe, ndipo malo, nyumba ndi galimoto zilembedwe m'dzina la bungwe. Bungwe likatha, katundu wace apite ku bungwe lina la nchito yofanana, asagawidwe kwa ana a woyambitsa.

Lacitatu: kodi mabuku alipo, ndipo ndani amawaona? Bungwe lopempha kuti anthu onse alisenzere gawo la katundu wace liyenera kulola anthuwo kuona m'mene ndalama zalowera ndi m'mene zaturukira. Mipingo yambiri yakale imawerenga kale za cuma pa msonkhano wa pacaka, ndipo siinafe nazo. Wokana kuonetsa buku ali ndi cifukwa cace, ndipo kawirikawiri cifukwaco si caumulungu.

Lacinai: kodi malonda alekanitsidwa ndi cifundo? Mpingo ukakhala ndi cigayo, nyumba ya alendo kapena mabasi, uli pa mpikisano ndi mwini cigayo wa pafupi amene akhoma msonkho. Lamulo la dziko lino limakhometsa kale msonkho pa phindu la malonda a mabungwe otere, ndipo n'koyenera kutero, kuti wamalonda wamng'ono asagwetsedwe ndi mnzace wobvala mkanjo.

ZOTSALIRA BOMA NDI ZOTSALIRA MUDZI

Pali bvuto limodzi limene mafunsowa sathetsa. Cikhululukiro ca msonkho cimapindulitsa kwambiri amene ali kale ndi zambiri. Bungwe lalikuru la m'tauni liri ndi loya, wowerengera ndalama ndi abwenzi akunja otumiza katundu, cotero limadziwa khomo logogodapo. Kwaya ya ku Vubwi kapena gulu la masewero la acinyamata a ku Nyimba liribe phindu loti likhomedwe msonkho, siriitanitsa katundu kunja, ndipo wamalonda wa pa boma akafuna kulithandiza sapeza cocotsera pa msonkho wace cifukwa gululo silinabvomerezedwe. Pogula nsalu za yunifomu ndi malata a chalichi amalipira VAT monga wina aliyense. Motero amene atumikira pafupi kwambiri ndi anthu ndiwo alandira zocepa.

Apa Boma liri ndi nchito. Njira yopemphera cibvomerezo ifupikitsidwe kwa magulu ang'onoang'ono, mapepala ace amasuliridwe m'zinenero za anthu, ndipo maofesala a zacikhalidwe a m'maboma athandize magulu kulemba malamulo ao ndi kusunga mabuku. Maina a mabungwe onse obvomerezedwa akhale poti munthu aliyense angawaone, kuti wopereka adziwe kumene apereka. Ndipo wopezeka atalowetsa galimoto lace m'dzina la ana amasiye alangidwe iye yekha, cipatala ca mishoni cisalipire mlandu wa munthu wina.

Mudzi nawo uli ndi mbali yace. Mkristu amene afunsa pa msonkhano wa mpingo kuti copereka ca caka catha cinagwira nchito yanji sacimwa. Ateteza mbiri ya mpingo wace. Msungicuma asakhale mkazi kapena mbale wa mtsogoleri, ndalama ziwerengedwe ndi anthu awiri kapena atatu, ndipo ciri conse cogulidwa cikhale ndi lisiti. Gulu la magule kapena la masewero ligule kabuku ka masamba 40, lilembe za kulowa ndi kuturuka kwa ngwee iriyonse, lisankhe komiti, ndi kulembetsa. Kabuku kameneko ndiko kadzalankhula tsiku limene gululo lidzapempha thandizo kapena cikhululukiro.

Yankho la funso la pamutu lija, tsono, ndi ili: mipingo ndi magulu a zaluso ayenera kukhululukidwa msonkho pa nchito iriyonse imene acitira anthu onse, ndipo ayenera kukhoma pa nchito iriyonse imene acitira matumba ao. Akulu anati kupatsa n'kuika. Dziko likakhululukira bungwe msonkho laikiza cuma ca anthu m'manja mwa bungwelo, ndipo mai uja wogula sopo, amene K16 yace yathandiza kudzaza mpata wosiyidwa ndi ena, ali ndi ufulu wofunsa kuti coikizaco cabala ciani.